Wovulala akasuma ku England: ndani amalipira mlandu, nanga m'khoti amakhalamo bwanji?

Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ambiri omwe ali ku Britain amagwira ntchito zolira mphamvu: kusamalira okalamba, kusenza katundu, kukolopa m'zipatala, kuyendetsa galimoto. Ntchito zotere ngozi sizisowa. Wina msana umam'gwira ponyamula wodwala popanda chipangizo choyenera, wina amaterereka pakhonde lonyowa, wina amagundidwa ndi galimoto pochokera ku ntchito ya usiku. Akayamba kufunsa za chipukuta misozi amamva nkhani ziwiri zosemphana. Otsatsa malonda pa wailesi amati no win no fee, ukapanda kupambana sulipira kanthu. Koma m'nyuzipepala amawerenganso za munthu amene anavulaladi, nasuma, n'kutuluka m'khoti chimanjamanja, ali ndi ngongole ya mapaundi zikwizikwi, mwinanso akudikira mlandu wina woti ungam'tengere kundende.

Zonse ziwirizi zimachitikadi, ndipo zimachokera m'malamulo amodzimodzi. Zomwe ndifotokoze pano ndi za England ndi Wales. Scotland ili ndi makhoti ndi malamulo ake, ngakhale kuti nayonso inakhazikitsa chitetezo chofananako mu Juni 2021.

Woluza ndiye amalipira

Chiyambi cha nkhani yonseyi ndi lamulo lakalekale la makhoti a ku England loti amene waluza mlandu amabweza ndalama zomwe mnzake wawononga pa mlanduwo: malipiro a maloya, malipoti a madokotala, ndi ndalama za khoti. Makhoti a ku Malawi anatengera mwambo womwewu, n'chifukwa chake chigamulo chimatha ndi mawu onena za amene alipire ndalama zoyendetsera mlandu. Ku America si choncho. Kumeneko nthawi zambiri aliyense amadzilipirira loya wake, kaya wapambana kaya waluza.

Cholinga cha lamuloli n'chomveka: munthu asamakokere mnzake kukhoti pa zinthu zopanda mutu, ndipo amene wapezeka wosalakwa asatsale ndi bala m'thumba. Vuto limabwera pa milandu ya kuvulala, chifukwa mbali ziwirizo sizifanana msinkhu. Wosumayo ndi munthu mmodzi, mwina wosiya ntchito chifukwa cha kuvulalako. Wosumiridwa, ngakhale dzina lolembedwa pa mapepala likhale la bwana wake kapena dalaivala wina, kumbuyo kwake kumakhala kampani ya inshuwalansi, kapena NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma, ngati nkhani ndi ya kulakwitsa kwa chipatala. Kampani ikaluza mlandu umodzi ntchito yake imapitirira. Munthu wamba akaluza angagulitse nyumba.

Kwa zaka zambiri, kuyambira lamulo la 1949, boma ndilo linkathandiza osauka kupeza maloya. Mu 1995 anayamba kulola mapangano oti loya alipidwe pokhapokha akapambana. Kenaka lamulo la Access to Justice Act la 1999, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2000, linachotsa thandizo la boma pa milandu yambiri ya kuvulala. M'malo mwake linalola kuti wopambana alipiritse woluza zinthu zina ziwiri: bonasi ya loya wake, yomwe inkatha kufika 100 peresenti ya malipiro ake, ndi mtengo wa inshuwalansi yomwe wosuma ankagula podziteteza ngati ataluza. Kwa wovulala zinthu zinali bwino kwambiri, chifukwa sankataya kanthu mbali iliyonse. Koma a inshuwalansi ndi NHS anadandaula kuti ndalama za maloya zayamba kuposa chipukuta misozi chenichenicho.

Woweruza wa Khoti la Apilo, Sir Rupert Jackson, anapatsidwa ntchito younika nkhaniyi, ndipo lipoti lake lomaliza linatuluka mu Januwale 2010. Zambiri za m'lipotilo zinayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2013, kudzera m'lamulo la 2012 lomwe maloya amalitchula mwachidule kuti LASPO komanso m'malamulo oyendetsera milandu.

Chitetezo chotchedwa QOCS

Zomwe zinachitika mu 2013 zinali ngati kusinthana. Osumiridwa anamasulidwa ku bonasi ya loya ndi inshuwalansi ya wosuma. Ovulala anapatsidwa zinthu ziwiri: chipukuta misozi cha ululu ndi kuvutika chinakwezedwa ndi 10 peresenti, ndipo anapatsidwa chitetezo chomwe dzina lake lonse ndi qualified one-way costs shifting, mwachidule QOCS. Chili m'gawo 44 la malamulo oyendetsera milandu yosakhala yaupandu.

Mfundo yake ndi iyi. Wovulala akapambana, wosumiridwa amalipira ndalama za mlandu monga kale. Wovulala akaluza, khoti likhoza kulemba ndithu kuti iyeyo ndiye ayenera kulipira, koma wosumiridwayo saloledwa kutolera ndalamazo kupyola zomwe wovulalayo wapeza pa mlanduwo. Amene waluza kotheratu sanapeze kanthu, choncho palibe chotolera. Tiyerekeze mayi wosamalira okalamba amene wasumira bwana wake chifukwa cha msana, ndipo woweruza wapeza kuti bwanayo anapereka maphunziro ndi zipangizo zokwanira. Mayiyo waluza. Maloya a inshuwalansi awononga mapaundi 20,000. Pa lamulo lakale ngongoleyo ikanakhala yake. Pa QOCS amabwerera kwawo wopanda chipukuta misozi, komanso wopanda ngongoleyo.

Chitetezochi sichiyang'ana kuti munthu ndi wolemera kapena wosauka, ngakhale kuti Jackson m'lipoti lake ankafuna kuti chuma cha munthu chiziganiziridwa. Sichifunanso kulembetsa kapena kugula. Chimakhudza milandu ya kuvulala m'thupi ndi m'maganizo, kulakwitsa kwa achipatala, komanso milandu yomwe abale amasuma munthu atamwalira pangozi. Chili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene amasokoneza anthu.

Zomwe sichiphimba

QOCS imakutetezani ku ndalama za mbali inayo basi. Zanu sizikhudza. Mlandu wa kuvulala umafuna lipoti la dokotala wodziimira payekha, nthawi zina malipoti angapo, ndipo khoti nalo limalipiritsa potsegula mlandu: pa mlandu wa pakati pa mapaundi 10,000 ndi 200,000 ndi 5 peresenti ya ndalama zomwe mukufuna, ngakhale kuti opeza movutikira akhoza kupempha kuchotseredwa. Mukaluza, ndalama zimenezi wina ayenera kuzilipira. N'chifukwa chake maloya ambiri amalangizabe kugula inshuwalansi ija yogulidwa ngozi itachitika kale, yotchedwa ATE, yomwe mtengo wake masiku ano nthawi zambiri umachotsedwa pa chipukuta misozi chanu mukapambana.

Bonasi ya loya nayonso tsopano imachokera kwa inu. Lamulo linaika malire: isapyole 25 peresenti ya chipukuta misozi cha ululu ndi ndalama zomwe mwataya kale, osawerengera za m'tsogolo. Choncho mawu aja oti ukapanda kupambana sulipira amabisa mbali ina, yoti ukapambana umalipira. Musanasaine pangano ndi loya, ndi bwino kufunsa kuti pa mapaundi 10,000 alionse inu mudzatenga zingati m'manja, ndiponso chidzachitike n'chiyani mukadzausiya mlandu panjira. Ndi bwinonso kuyamba mwafufuza ngati inshuwalansi yanu ya nyumba kapena ya galimoto ilibe kale gawo lolipira maloya, kapena ngati bungwe la ogwira ntchito lomwe muli membala silipereka loya. Anthu ambiri amakhala nalo thandizoli osadziwa. Nthawi yosumira nayo ili ndi malire: kawirikawiri ndi zaka 3 kuchokera tsiku la ngozi kapena tsiku lomwe munadziwa za kuvulalako.

Kukana ndalama zomwe akupatsani

Milandu yambiri ya kuvulala siifika pamaso pa woweruza. Imathera pa kugwirizana, ndipo malamulo anapangidwa dala kuti azikankhira anthu komweko. Chida chachikulu ndi chomwe amati Part 36 offer: mbali imodzi imalembera inzake kuti tilipira zakutizakuti, nkhani ithe, ndipo imapereka masiku osachepera 21 oganizira. Woweruza sauzidwa za kalatayo mpaka atagamula.

Tiyerekeze kuti a inshuwalansi akupatsani mapaundi 12,000, inu mwakana poganiza kuti mlandu wanu ndi wa 20,000, ndipo woweruza wagamula 10,000. Mwapambana, koma simunapose zomwe anakupatsani. Lamulo likuti ndalama zonse zomwe mbali inayo yawononga kuchokera pomwe masiku 21 aja anathera muzilipire ndinu, ndipo pano QOCS siikupulumutsani kwathunthu, chifukwa tsopano muli ndi kanthu koti atolerepo. Ngati anawononga 10,000 kapena kuposa, chipukuta misozi chonse chikhoza kuthera pomwepo. Chotsalira cha chitetezocho n'choti sangakulondoleni mpaka kunyumba kukatenga zoposa pamenepo. Chidachi chimadula mbali zonse: wovulala nayenso akhoza kulemba kalata yotere, ndipo akapambana mofika kapena kuposa zomwe anapempha, wosumiridwa amalipira zoonjezera.

Pa nkhani ya zomwe a inshuwalansi angatolerepo panali kukokana kwa zaka zingapo. Mu 2018 Khoti la Apilo linagamula kuti ndalama zomwe munthu wapeza pogwirizana kunja kwa khoti sizili m'gulu la zomwe khoti lalamula, choncho sizingakhudzidwe. Mu 2021 Khoti la Suprimu linagamulanso kuti wosumiridwa sangadzilipire pochotsa pa ndalama za maloya a wosuma kupyola chipukuta misozi. Oweruzawo anavomereza kuti zotsatira zake zikhoza kuoneka zachilendo, koma anati kukonza zimenezo ndi ntchito ya komiti yolemba malamulo oyendetsera milandu. Komitiyo inakonzadi. Pa milandu yotsegulidwa kuyambira pa 6 Epulo 2023, wosumiridwa akhoza kutolera pa chipukuta misozi, pa chiwongoladzanja, pa ndalama zogwirizana kunja kwa khoti, ngakhalenso pa ndalama za maloya zomwe iye amayenera kulipira wosuma. Zili ngati mwini okala amene muli naye ngongole ya sopo ndi mchere: mukam'patsa ndalama yaikulu, amayamba wachotsa zake asanakubwezereni chenje.

Kusinthaku kunachititsa kuti kalata ya Part 36 ikhale yolemera kuposa kale, kwa wovulala ndi loya wake yemwe.

Bodza lofika pa mtima wa mlandu

Pali njira zingapo zotayira chitetezo chonse. Khoti likathetsa mlandu wanu chifukwa unalibe maziko, kapena chifukwa munagwiritsa ntchito khoti molakwika, kapena khalidwe lanu ndi la okuyimirirani likusokoneza kuweruza mwachilungamo, mbali inayo ikhoza kutolera ndalama zake zonse. Koma njira yomwe imamveka kwambiri ndi ya fundamental dishonesty, kutanthauza chinyengo chokhudza maziko a mlandu.

Mbiri yake ikuyambira pa mlandu wa mu 2012. Munthu wina anavulaladi pa ntchito, nasuma kufuna mapaundi oposa 800,000 ponena kuti walumala kwambiri. Makamera obisika anamujambula akugwira ntchito komanso akusewera mpira. Woweruza anam'patsa pafupifupi 88,000, zomwe zinali zoyenera kuvulala kwake kwenikweni, ndipo Khoti la Suprimu linakana kum'landa, ponena kuti kuthetseratu mlandu wotere pambuyo poti wazengedwa kuzichitika mwa apo ndi apo kwambiri. Aphungu a nyumba ya malamulo sanakhutire. Gawo 57 la Criminal Justice and Courts Act ya 2015 linatembenuza zinthu: khoti likapeza kuti wosuma wachita chinyengo chotere, liyenera kuthetsa mlandu wonse, ndi mbali yoona yomwe, pokhapokha ngati kutero kungam'chitire wosumayo chisalungamo chachikulu. Pamwamba pake, malamulo a QOCS amalola khoti kuchotsa chitetezo, ndipo bodza lolembedwa m'chikalata chosainidwa kuti n'choona lingabweretse mlandu wonyoza khoti, womwe chilango chake chimafika zaka 2 kundende.

Aphungu sanafotokoze kuti bodza lofika pa maziko ndi lotani. Oweruza ndiwo akhala akulongosola. Mu 2014 woweruza wina ku Cambridge anasiyanitsa bodza la pambali, kapena lokhudza kagawo kakang'ono, ndi bodza lokhudza mlandu wonse kapena gawo lalikulu la mlanduwo, ndipo Khoti la Apilo linavomereza kusiyanitsaku mu 2017. Chigamulo cha 2017 chomwecho chinanenanso kuti a inshuwalansi sakakamizidwa kulemba poyera pachiyambi kuti akukuganizirani chinyengo, bola mwachenjezedwa mokwanira ndi kupatsidwa mpata woyankha. Umboni wake sufunika kufika pa mlingo wa milandu yaupandu. N'zokwanira kuti woweruza aone kuti mpata woti munanama ndi waukulu kuposa woti simunaname.

Mlandu umene umaonetsa bwino kulemera kwa lamuloli ndi wa bambo wina amene anadzipereka kuthandiza pa masewera a Olympics ndi Paralympics a 2012 ku London. Anagwa, nathyoka mkono, ndipo okonza masewerawo anavomera kulakwa. Pa mndandanda wa zomwe anataya analembapo pafupifupi mapaundi 14,000 a wolima pabwalo la nyumba yake, ponena kuti ngozi isanachitike ankasamalira yekha ndi mkazi wake. Zinadziwika kuti wolimayo anam'lemba ntchito zaka zambiri ngozi isanachitike, ndipo malisiti omwe anapereka anawalemba yekha. Khoti loyamba linam'patsabe chipukuta misozi pa zina zonse. Mu 2018 Khoti Lalikulu linasintha chigamulocho ndi kuthetsa mlandu wonse. Mkono unathyokadi, palibe anatsutsa, koma sanalandire kanthu.

Makampani a inshuwalansi amalemba anthu ojambula mobisa, ndipo amawerenga Facebook, Instagram ndi TikTok. Amayerekeza zomwe munauza dokotala wa mlandu ndi zomwe zili m'mafayilo a dokotala wanu wa masiku onse, za kuntchito, ndi mafomu opemphera thandizo la boma. Kanema wa masekondi ochepa mukuvina pa chinkhoswe sasonyeza kuti simumva ululu, ndipo oweruza amadziwa kuti wodwala amakhala ndi masiku abwino ndi oipa. Vuto limabwera ngati munalemba kuti simutha kuimirira n'komwe. Kusiyira mlandu panjira mutaona kuti zavuta sikutseka nkhaniyo, chifukwa khoti likhoza kulamula kuti funso la chinyengo limvedwebe.

Tsiku la kukhoti

Apa m'pamene khalidwe la m'khoti limakumana ndi nkhani ya ndalama. Milandu ya kuvulala imaweruzidwa ndi woweruza mmodzi, popanda gulu la anthu wamba othandiza kugamula. Munthu mmodzi yemweyo ndiye amaona ngati mwapambana, ngati mukunena zoona, ndi amene alipire.

Miyambo yakunja ndi yosavuta. Pakhomo amasecha zikwama ngati pabwalo la ndege, choncho fikani msanga. Mukalowa mudzionetse kwa kalaliki wolondolera anthu, amene nthawi zambiri amavala mkanjo wakuda, kuti adziwe kuti mwafika. Palibe lamulo la suti, koma valani mwaulemu, ndipo chipewa muvule pokhapokha ngati ndi chachipembedzo. Foni izimitsidwe kapena isalire. Kujambula zithunzi m'khoti n'koletsedwa ndi lamulo la 1925, ndipo kujambula mawu popanda chilolezo ndi kunyoza khoti pa lamulo la 1981. Zimenezi zimagwiranso ntchito pamene mlandu ukuchitikira pa kompyuta muli kunyumba kwanu. Woweruza akamalowa ndi kutuluka, onse amaimirira. Maloya amaweramitsa mutu, koma inu palibe adzakudzudzuleni mukapanda kutero. Kuyambira mu 2008 oweruza a milandu yotere savalanso mawigi.

Katchulidwe kamatengera udindo. District Judge, kuyambira Disembala 2022, amangotchedwa Judge. Circuit Judge ndi Your Honour. Wa Khoti Lalikulu ndi My Lord kapena My Lady. Funsani loya wanu kapena kalaliki musanalowe. Mukalakwitsa mwaulemu, palibe woweruza amene angakuchotsereni kanthu.

Cholemera kwambiri chimayamba mukaitanidwa pamalo a mboni. Mumasankha kulumbira pa buku la chipembedzo chanu kapena kulonjeza popanda buku, ndipo zonse zimalemera mofanana. Loya wanu safunsa zambiri, chifukwa chikalata cha umboni chomwe munasaina miyezi yapitayo chimatengedwa ngati mawu anu. Amangokufunsani ngati siginecha ndi yanu ndiponso ngati zili m'menemo n'zoona. Ngati muli cholakwika, nthawi yochikonza ndi imeneyo, kapena bwino koposa masiku angapo m'mbuyo. Kenaka amaimirira loya wa mbali inayo, chifayilo chachikulu cha masamba a manambala chili patsogolo panu, n'kuyamba: tsegulani tsamba 214, mukuona zomwe munauza dokotala mwezi umenewo? Mafunso amachokera kwa iye, koma mayankho alunjike kwa woweruza, pang'onopang'ono, chifukwa amalemba.

Pali zizolowezi zathu zabwino zomwe pamalo amenewa zikhoza kutipweteka, ndipo ndikufuna kuzitchula poyera. Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula sitim'tsutsa, timati eya, inde bwana, kusonyeza kuti tikumva. M'khoti "yes" amalembedwa ngati kuvomera. Loya akanena kuti ululu unatha patapita miyezi 3, si choncho, inu n'kuyankha inde mwaulemu, mwavomera zomwe si zoona. Kukana modekha si mwano kumeneko. Tinazoloweranso kuyankha kuti tili bwino ngakhale tikudwala, ndipo dokotala akalemba mawu amenewo m'fayilo adzawerengedwa m'khoti. Mbali inayo, pofotokoza ululu timakonda mawu akuluakulu: ndinatsala pang'ono kufa, sindigona n'komwe, sindingathe kunyamula ngakhale kapu. Pocheza aliyense amamva tanthauzo lake. M'chikalata cha umboni amatengedwa liwu ndi liwu. Ngati mumatha kunyamula ketulo koma osati chidebe, nenani choncho. Ngati simukukumbukira, nenani kuti simukukumbukira, musaganizire tsiku kapena mtunda pofuna kuthandiza.

Chilankhulo nachonso si chochitira manyazi. Kuyambira mu Epulo 2020 malamulo amanena kuti chikalata cha umboni chilembedwe m'chilankhulo cha mboniyo, kenaka chimasuliridwe. Munthu akhoza kumalankhula Chingerezi bwinobwino kuntchito koma n'kusokonezeka ndi mafunso opotapota a loya. Ngati mukufuna womasulira, uzani loya wanu pachiyambi penipeni, chifukwa pa milandu yotere kawirikawiri mbali yanu ndiyo imakonza zimenezo, ndipo womasulira Chichewa sapezeka tsiku limodzi.

Ngati kukhala nthawi yaitali kukupwetekani, pemphani kuimirira kapena kupuma, amalola. Musakokomeze kutsimphina, ndipo musabise ululu. Khoti likapumira muli pakati pa umboni, simuloledwa kukambirana za umboniwo ndi wina aliyense, ngakhale loya wanu kapena mkazi wanu. Abale operekeza akhale chete kumbuyo, asamapukuse mitu kapena kung'ung'udza mboni ya mbali inayo ikamalankhula. Woweruza amaona chipinda chonse.

Milandu ing'onoing'ono

Kuyambira pa 31 Meyi 2021, ovulala pang'ono pa ngozi za galimoto, pomwe kuvulalako sikupyola mapaundi 5,000, ambiri amadutsa njira ya milandu ing'onoing'ono, kuyambira pa tsamba la pa intaneti la Official Injury Claim. Kumeneko aliyense amadzilipirira loya, kaya wapambana kaya waluza, pokhapokha wina akachita zosayenera. Kuvulala khosi ndi msana kochokera ku kugwedezeka kwa galimoto kunaikidwa mitengo yokhazikika, yomwe mu 2021 inayambira mapaundi 240 kufika 4,215. Malire a mapaundi 5,000 aja sakhudza oyenda pansi, okwera njinga ndi ana. Pa ngozi zina, monga za kuntchito, malire a njirayi ndi mapaundi 1,500 kuyambira mu Epulo 2022. Zotsatira zake n'zoti anthu ena amakaima m'khoti okha popanda loya.

Zomwe sizinathe kukambidwa

Funso lalikulu ndi la mawu aja a m'gawo 57 la lamulo la 2015 oti chisalungamo chachikulu. Oweruza anena kuti kungotaya chipukuta misozi choyenera pakokha sikukwanira, apo ayi lamulolo likanakhala lopanda mano. Nanga munthu wovulala ubongo amene ananama pa zina, koma akufunikadi chisamaliro kwa moyo wake wonse? Mu 2024 Khoti Lalikulu linathetsa mlandu wa mayi wina wovulala ubongo ngakhale linapeza kuti gawo loona la mlandu wake linali pafupifupi mapaundi 600,000. Ena akuti n'zomwe aphungu ankafuna, kuti ena atengerepo phunziro. Ena akufunsa ngati chilangocho chikufanana ndi cholakwacho, ndiponso ngati mtolowo sukungosamukira kwa NHS ndi okhometsa msonkho.

Malire a pakati pa kunama ndi kukokomeza kosadziwa nawonso ndi ovuta, makamaka pa ululu wokhalitsa ndi matenda a maganizo, pomwe munthu amakhulupiriradi zomwe akunena. Maloya a ovulala amadandaula kuti mawu oti chinyengo amaponyedwa mwachisawawa pofuna kuopseza anthu kuti alandire zochepa, ndipo wowaponya akalephera kutsimikiza nthawi zambiri salangidwa mokwanira. A inshuwalansi amayankha kuti chinyengo chilipodi, kuphatikizapo ngozi zochita kupanga, ndipo mtengo wake umagwera aliyense wolipira inshuwalansi ya galimoto. Amanenanso, pamodzi ndi NHS, kuti QOCS imawakakamiza kulipira milandu yofooka chifukwa kuimenya n'kupambana kumadya ndalama zomwe sizidzabwerera.

Pa kusintha kwa 2023 palinso kusiyana maganizo. Popeza malipiro a loya wa wovulala tsopano akhoza kudyedwa ndi ngongole ya mbali inayo, ena akuopa kuti maloya azikana milandu yovuta koma yoona, ndi kukankhira anthu kulandira kalata yoyamba. Ena akuti kusinthaku kwangobwezeretsa kufanana komwe kunasokonekera mu 2018 ndi 2021. Mu Okutobala 2023 malipiro okhazikika a maloya anafalikiranso ku milandu yambiri yofika mapaundi 100,000, ndipo zinthu ziwirizi zikugwira ntchito limodzi, moti n'kovuta kulekanitsa zotsatira za chimodzi ndi chinzake.

Palinso milandu yosakanikirana, pomwe munthu akufuna chipukuta misozi cha kuvulala pamodzi ndi zina, monga galimoto yobwereka kapena kumangidwa molakwika ndi apolisi. Pamenepo woweruza ali ndi ufulu wochotsa gawo la chitetezo monga waonera, ndipo wosuma sangadziwiretu kuti aonera bwanji. Ndiponso pali amene akufunsa chifukwa chomwe wothyoka mwendo amatetezedwa pomwe wosalidwa chifukwa cha khungu kapena ulumali, akasuma ku County Court, khoti la milandu yosakhala yaupandu, amayang'anizana ndi lamulo lakale lija la woluza alipire. Mabungwe omenyera ufulu akufuna QOCS ifike kumeneko, pomwe amalonda ndi maofesi a boma omwe angamasumiridwe akuwerengera mtengo wake.